Nanga Iwo Malonje Awo Anapereka?

Olemekezeka a Gogo Chalo pamodzi ndi mafumu onse amene mwatsagana nawo. Olemekezeka oimira Bwanamkubwa wa boma lathu la Nkhata Bay. Olemekezeka oimira ofesi ya maphunziro m'chigawo chino cha kumpoto. Abusa ndi akulu a mpingo. Akuluakulu a polisi ya pa Chintheche. Mphunzitsi wamkulu wa Sekondale ya Lisungu, a Winston Makwinja, pamodzi ndi aphunzitsi anu onse. Wapampando wa komiti ya makolo, mayi Jackie Manda. Amayi ndi abambo. Ndi inu ophunzira, amene mwakhala padzuwa chiyambire m'mawa pamene ife akuluakulu tadzisankhira mthunzi: timuwoneni nonse!

Yewu, ndamva. Ndayamba ndi moni wa kwathu kuti lilime limasuke, koma zotsalazo ndilankhula m'Chichewa, kuti aphunzitsi athu ochokera ku Dedza ndi ku Thyolo asamangogwedeza mutu mwaulemu osamva kanthu. Mukamva Chichewa changa chikununkhira usipa musadabwe, ndi cha kunyanja.

Wotsogolera mwambo wandiunjikira maudindo ambiri, dokotala wa izi, mkulu wa izo, moti ndinaona achimwene anga kumbuyoko akusuzumira kuti aone mlendo wolemekezekayo ndi uti. Lekani ndipereke malonje anga ndekha. Ndine Phillis, mwana wa malemu a Howard Mhone a ku Bandawe, aja anagwira ntchito ku migodi ya ku Wankie, ndipo mayi anga ndi NyaLongwe wa ku Kande. Ndimaphunzitsa za makompyuta ku Mzuzu. Ndayenda bwino, kupatula mbuzi za mumsewu zimene sizidziwa kuti m'galimoto muli mlendo wolemekezeka. Ndabwera kudzatsegula zinthu ziwiri: chipinda cha makompyuta chili kumbuyo kwangachi, ndi kalasi yoyamba ya Fomu 5, imene ikonzekeretse ana athu mayeso ovomerezeka kunja, olowera ku yunivesite. Mawu akuti malonjewo muwasunge, ndibwererakonso.

Ndisanapite patali ndithokoze. Ndikuthokoza makolo amene munaumba njerwa ndi kusenza mchenga pamutu kuchokera kunyanja, ena a inu musanakhudzepo kompyuta chibadwire. Ndikuthokoza abwenzi a sukulu ino amene anapereka makina ndi magetsi a dzuwa, ndiponso aphunzitsi amene anataya tchuthi chawo kukaphunzira kaphunzitsidwe katsopano, pamene anzawo anali kupuma. A Makwinja, inu munabwera kuno osadziwa kumeza kondowole, lero mwatimangira chinthu chimene ife eni dera tinkangochilota. Mulungu akudalitseni.

Ndili mwana, bambo anga ankakhala pakhonde atavala jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo mlendo akafika ankatiitana ana tonse kuti tidzalonjere. Mlendo akakufunsa kuti ndiwe yani, sunkayankha ndi phewa ayi. Unkagwada ndi kunena dzina lako, la bambo ako, la amayi ako, mudzi wako, ndi kalasi imene uli. Mwana wobisa kwawo ankatengedwa ngati wosaleredwa. Koma tikatha ife, bambo ankatembenukira kwa mlendo uja ndi kunena kuti, "Zathu mwamva, tsopano timve zanu." Ndipo mlendo ankayala zonse: kumene wachokera, amene anamubereka, amene wamutuma, ndi chimene wadzera. Amayi sankagwira nkhuku mlendo asanamalize. Bambo ankati malonje ali ngati kupalasa bwato, ukamapalasa mbali imodzi yokha limangozungulira pomwepo. Ine ndinkaona ngati akungochedwetsa nkhuku.

Nkhani imene ndinene tsopano ndi ya m'banja mwathu, ndipo ndapempha chilolezo kwa eni ake. Wezi, mwana wa achimwene anga, anati, "Azakhali, kaneneni, mwina mnzanga wina apulumukirapo." Bambo ake, achimwene anga a Weston, anati, "Nena, pakamwa ndi pako, koma za sukulu usandikakamize." Ndinalonjeza, ndipo pamaso pa abusa sindingaphwanye lonjezo.

Chaka chatha Wezi anakhoza bwino kwambiri mayeso a Fomu 4 pa sukulu yomwe ino. Mtima wake unali pa kuphunzira za mankhwala, ndipo ankafuna maphunziro onga amene tikutsegula lerowa, koma nthawi imeneyo kuno kunalibe. Bambo ake anamugulira foni ngati mphatso, ndipo iye analowa m'gulu lina la pa masamba a mchezo, la ana ofunafuna mwayi wa sukulu zakunja. M'gulumo munatulukira munthu wina wodzitcha Dokotala Peterson. Pa chithunzi chake anali bambo wachikulire wovala suti yosita bwino, ndipo inu mukudziwa kuti ife Atonga nthawi zina suti timaipatsa ulemu kuposa mwini wake. Mukuseka, koma ndikunena zoona.

Munthuyo anamulembera Wezi payekha, ndipo mawu ake oyamba anali akuti "Timuwoneni." Ha! Moni wa kwathu, kuchokera kutsidya kwa nyanja zamchere! Kenaka anafunsa, "Kwanu ndi kuti, mwanangu? Ndiwe mwana wa yani?" Kodi mwana woleredwa bwino akanatani? Anapereka malonje monga tinamuphunzitsira. Lero dzina la bambo ake, mawa la amayi ake, mkuja la agogo ake a ku Wankie, mmene ankavinira malipenga atavala nsapato zoyera, mpingo umene timapemphera, ngakhale dzina la bwato la bambo ake. Munthuyo ankangofunsa mokoma, mwana n'kumayankha mwaulemu.

Patapita milungu ingapo, foni ya achimwene inalira ali kudoko ndi asodzi anzawo. Anali munthu uja. "Ada Mhone, simungandikumbuke. Ine ndinakulira m'manja mwa malemu bambo anu ku Wankie. Mpaka lero ndimaziona nsapato zawo zoyera zija, akutsogolera malipenga. Ndikufuna kubweza ubwino wawo pa mdzukulu wawo." Achimwene anga ndi munthu wolimba, mwera saauopa, koma tsiku limenelo analira pamchenga anthu akuona. Anamva ngati bambo athu atumiza uthenga kuchokera kumanda. Sanadziwe kuti akumva nkhani zawo zomwe, zotengedwa m'nyumba mwawo ndi kubwezedwa pa khomo lakumaso.

Munthuyo anati wamupezera Wezi malo pa koleji ina ya kunja, zaka ziwiri zokonzekera yunivesite, zonse zolipiridwa kale. Chofunika chinali pasipoti basi, ndi kuti mwana akwere basi mpaka kumalire ku Songwe, kumene wina akamulandire. Ndiye anawonjezera mawu amene akanadzutsa munthu wa kwina, koma ife anatigoneka: "Musauze anthu, mukudziwa nsanje ya kwathu." Ndani pano sanachokepo pa ulendo mobisa kuopa maso a anthu? Ndi khalidwe lathu limenelo. Choncho achimwene sanauze abusa, sanauze a Makwinja, sanandiuze ine mlongo wawo weniweni, amene ntchito yanga ndi makompyuta omwewo. Alamu anga a Olive anamumangira mwana ufa wa kondowole ndi usipa wouma, ndi kumukweza minibasi ya m'mawa.

Wezi atafika pa depoti ku Mzuzu, basi ya ku Karonga inali ikudzaza. Anali atauzidwa kuti asaonane ndi munthu. Koma mdzukulu wa a Howard Mhone angadutse bwanji pa Mzuzu osalonjera azakhali ake? Mapazi anakana. Ndinangoona mwana akugogoda pa ofesi yanga, sutikesi m'manja, atavala diresi ya pa Khirisimasi. Ndinamupatsa mpando, ndipo monga mwa mwambo ndinati, "Timve malonje." Anayamba kuzengereza, koma pakamwa pozolowera choonadi sipachedwa. Ananena zonse, maso akuwala ndi chimwemwe.

Ndinamufunsa funso limodzi. "Wezi, a Dokotala amenewa zako zonse akuzidziwa. Nanga iwo malonje awo anapereka?" Ndinapitiriza kuti, "Kwawo ndi kuti? Anawabereka ndani? Kolejiyo ili mumzinda uti, ndani anaphunzirako amene tingamuimbire?" Mwana anati, "Azakhali, ndi munthu wamkulu, sindikanawafunsa, chikanakhala chipongwe."

Tinawaimbira pomwepo, mawu akumveka kwa tonse awiri. Ndinawalonjera bwinobwino, ndinawathokoza, ndiye ndinanena mawu a bambo anga aja: "Zathu mwamva, tsopano timve zanu. Mayi anu ndi ayani?" Ndinamva mapepala akupekesana. Kenaka anati, "Mayi anga ndi NyaLongwe wa ku Kande." Abale inu! Ndinati, "NyaLongwe wa ku Kande ndi mayi anga, anabereka ana atatu, ndipo onse ndimawadziwa. Inu anakuberekani liti, ife tili kuti?" Foni inaduka, ndipo mpaka lero sinalirenso. Munthuyo analibe dzina lililonse la kuno koma okhawo amene mwana anamupatsa, ndiye potola anatola lolakwika.

Sekani, inenso pano ndimaseka, koma tsiku limenelo sindinaseke. Ndinkangoyang'ana sutikesi ija ndi kathumba ka ufa. Tinapita ku polisi, ndipo anatiuza kuti nambala imeneyo sinali yachilendo kwa iwo. Kumene mwanayu akanathera sindikudziwa, ndipo sindifuna kukuganizira.

Wezi anapulumuka, koma nkhani sinathere pamenepo, ndipo ndicho chifukwa ndaibweretsa pano. Achimwene anga anagwidwa ndi manyazi aakulu, osati chifukwa chonamizidwa chabe, koma chifukwa anakhetsa misozi yeniyeni pa munthu amene ankachita malonda ndi dzina la bambo athu. Analanda foni, ndipo anati, "Sukulu yakwana. Mwana wanga sadzakhudzanso makina amenewa." Chaka chonsechi Wezi wakhala akuviika chinangwa ndi kutembenuza usipa pa thandala. Ntchito imeneyo si yonyozeka, ndi imene inatilera tonsefe, koma si imene mtima wake unasankha. Ndamvanso kuti makolo ena, atamva mbiriyi, anenetsa kuti ana awo asaponde m'chipinda ichi. A Makwinja andiuza kuti m'kalasi ya Fomu 5 amusungira Wezi mpando umodzi wopanda munthu, ndipo kulembetsa kukutha lero dzuwa likamapendeka. Ukapanda mwini wake, upita kwa wina.

Achimwene anga sindikuwadzudzula. Bambo amene anatsala pang'ono kutaya mwana ali ndi ufulu wochita mantha. Komanso Wezi sindikumudzudzula, pakuti ulemu umene unamulowetsa m'msampha ndi womwewo umene unamutulutsa, pamene unamukaniza kudutsa pakhomo pa azakhali ake. Cholakwika sichinali malonje. Cholakwika chinali chakuti tinaphunzitsa ana athu kuyankha, osawaphunzitsa kuti nawonso ali ndi ufulu wofunsa. Tinawapatsa nkhafi ya mbali imodzi. Akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona, koma kalumo komweko kamameta, komweko kamachekanso. Anatinso walira mvula walira matope. Intaneti tinailira tokha, yabwera ndi matope ake, ndipo matope sathawidwa pokana kulima.

Tsono popeza lero tikulandira mlendo pa sukulu pano, ine ndamufunsa malonje ake m'malo mwanu, ndipo ndi awa. Dzina lake ophunzira amalitchula kuti A Level. Ndi maphunziro a zaka ziwiri, Fomu 5 ndi Fomu 6, a mwana amene wakhoza bwino Fomu 4. Mwana amasankha maphunziro ochepa, atatu kapena anayi, ndi kuwalowa mozama, osati kungonyambita pamwamba. Mayeso amachokera ku bungwe la mayeso la kunja, koma amalembedwa pompano, pamaso pa aphunzitsi amene mukuwadziwa, kenaka amakachongedwa kunja, ndipo satifiketi imabwera kudzera pa sukulu ino. Chikalata chosonyeza kuti sukulu ino ndi yololedwa kulembetsa mayeso amenewa chapachikidwa mu ofesi, aliyense akhoza kukachiona, ndipo ine sindinangochiona, ndinafunsa kwa eni mayesowo ndipo anavomera. Pa zaka ziwiri zimenezi mwana sakwera basi ya ku Songwe. Amagona pakhomo pa makolo ake, amadya za amayi ake, Lamulungu mumamuona m'kwaya.

Mlendo woona amanenanso zimene sangathe. Satifiketi imeneyi si tikiti ya ndege, ndipo siipatsa mwana malo pa yunivesite iliyonse. Imangomupatsa ufulu wogogoda pa makomo ambiri, a kuno kwathu ndi a kunja, ndi kumvedwa akagogoda. Maphunzirowa ndi olimba, ndipo waulesi adzalephera ngakhale atavala suti ya mtundu wanji. Mabuku ena ndi mayeso akale zili pa intaneti, choncho wophunzira sangapewe kulowa m'chipinda ichi. Ndipo palibe amene adzakuuzeni kuti mubise. Uzani abusa, uzani mafumu, uzani ngakhale mnansi wansanje uja, abwere adzaone.

Inu ophunzira, tcherani khutu. Mukakhala pa kompyuta, dziwani kuti mwakhala pakhonde la dziko lonse, ndipo odutsa si onse abale anu. Dzina la amayi anu, mudzi wanu, tsiku limene munabadwa, zimene kuno timazinena monyadira, ndi zomwezo zimene wakuba amatsegulira pakhomo panu pa intaneti. Mawu anu achinsinsi olowera, pasiwedi ija, si chinangwa chootcha choti mugawane ndi mnzanu wapamtima. Chithunzi mukachitumiza chapita, sichimva kuitana. Munthu akakuuzani kuti fulumira mwayi ukutha, kapena kuti usauze aliyense, imani pomwepo, chifukwa mwayi weniweni suopa kuonedwa ndi aphunzitsi. Ndipo wina akakufunsani kuti ndiwe mwana wa yani, ngakhale akhale ndi imvi pa chithunzi, muli ndi chilolezo changa, cha mafumu ali panowa, ndi cha malemu bambo anga, chomuyankha mwaulemu kuti, "Pepani, tiyambe tamva zanu." Chimenecho si chipongwe, ndi mwambo wathu wathunthu. Safunsa anadya phula.

Mukaona kuti mwaterereka kale, mwatumiza zosayenera kutumiza kapena wina akukuopsezani, thamangirani kwa mphunzitsi tsiku lomwelo. A Makwinja andilonjeza kuti mwana wobwera yekha kudzanena sadzalangidwa, ndipo ndikubwereza lonjezoli pagulu kuti asadzalikane. Aphunzitsi, mwana wotero musamuseke mu ofesi mwanu. Mukamuseka mmodzi, khumi adzabisa, ndipo wakuba amadya m'manyazi a ana.

Inu makolo, chipinda ichi si cha ana okha. Komiti ya mayi Manda yakonza kuti Loweruka lililonse m'mawa chizikhala chotsegukira inu, kuti mudzaone zimene ana anu amaona ndi kuphunzira kufunsa mafunso oyenera. Musati ndakalamba. Munthu amene amadziwa kuyang'ana mitambo ndi kunena kuti lero bwato lisalowe m'madzi angathenso kuphunzira kuona uthenga wabodza. Kulanda mwana foni kumakupatsani tulo, koma mwanayo adzabwereka ya mnzake, ndipo akadzakumana ndi zoopsa sadzabweranso kwa inu.

Tsopano ndatsala pang'ono kukhala pansi. Ndinalonjeza kuti sindikakamiza munthu, ndipo sindikakamiza. Achimwene, a Weston, ndakuonani kalekale kumbuyoko pansi pa mtengo wa mango, mwavala suti ya ukwati ija, ndipo sindikukhulupirira kuti mwaivalira ine. Tsiku lija mlendo wabodza anakana kupereka malonje ake. Lero mlendo uyu wapereka ake onse, pamaso pa mafumu, pamaso pa abusa, dzuwa likuwala. Bambo athu akanakhala pakhonde lero, pano ndi pamene akanaganiza zoti nkhuku igwidwe kapena isagwidwe. Iwo kulibe. Mwini khomo ndinu, ndipo chimene munganene ndichilemekeza.

Taonani, achimwene aimirira. Apatseni mpata, musawaombere m'manja, munthu akumanga batani la jekete. Mwati bwanji, achimwene? Kwezani mawu, kuno mphepo ikusokoneza.

Inu a kutsogolo kuno simunamve, lekani ndikubwerezereni. Akufunsa kuti, "Mpando mwasungawo uli pafupi ndi windo kodi? Mwanayu sapirira kutentha."

A Makwinja, mwamva. Ngati suli pafupi ndi windo, usunthidwe lero lomwe. Wezi, mwana wanga, pukuta m'maso, bwera kuno udzandigwirire riboniyi. Achimwene, yewu. Yewu ukongwa, ndathokoza kwambiri.

Olemekezeka nonse, amayi ndi abambo, ndi mphamvu zimene sukulu ino yandipatsa lero, ndikulengeza kuti chipinda cha makompyuta cha Sekondale ya Lisungu, pamodzi ndi kalasi yake yoyamba ya Fomu 5, imene tsopano ilibe mpando wopanda munthu, zatsegulidwa.

Zikomo kwambiri.